Seva Yotsekedwa Pakamwa

1. Ntchito yomvetsera

Pakampani yogawa mankhwala ija panali kachipinda kopanda zenera, kozizira ngati m'firiji. M'menemo munali maseva, makompyuta akuluakulu osunga ntchito yonse ya kampani: maoda a zipatala, katundu wa m'nyumba zosungira, ndi mapepala amene madalaivala amaonetsa potuluka pageti.

Seva ndi chinthu cholongolola. Munthu akalowamo, imalemba. Ikatentha, imalemba. Chitsulo china chikayamba kufooka m'kati mwake, imalembanso. Timauthenga timeneti amatitcha malogi. Kuti munthu asamayende seva ndi seva kukatiwerenga, tonse tinkadutsa pa netiweki n'kukasonkhana pa kompyuta imodzi imene ankangoitcha chosonkhanitsa. Sikirini yake inapachikidwa pakhoma la ofesi, pamene aliyense angaione.

Kutsogolo kwa sikirini imeneyi anakhazikapo mtsikana wa kukoleji amene anabwera kudzaphunzira ntchito. Sabata isanathe anali atapatsidwa kale dzina loti Kaliwiro, chifukwa zala zake zinkafika kumapeto kwa ntchito mutu usanayambe n'komwe. Malowa anamupezera ndi alamu ake, mwamuna wa achemwali ake, amene anali woyang'anira maseva. Ankakhalanso kunyumba kwawo, n'kumagona m'chipinda chimodzi ndi njinga ya mwana ndi makatoni a mawaya akale.

Mkulu wa dipatimenti anali mayi wina wa imvi za apo ndi apo. Onse ankawatcha Mayi Dekhani, popeza mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo ngakhale zinthu zitapsa. Tsiku loyamba anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mtsikanayo.

"Mwana wanga, ntchito yako pano ndi kumvetsera," anatero. "Kunyumba kuli mwana wa achemwali ako, si choncho? Akamalira umadziwa kumene ali. Koma ukangomva zii, umasiya mbale n'kuthamanga, chifukwa mwina wapeza mpeni. Maseva ndi chimodzimodzi. Yolongolola usadane nayo, ikukuuza kuti ili moyo. Uziopa imene yakhala chete. Chachiwiri, uthenga sutayidwa. Ukakusowetsa mtendere uupatulire pambali, mu fayilo yakeyake, kuti tsiku lina tikaufuna tiupeze. Chachitatu, pa chosonkhanitsa sukhudza kanthu usanafunse. Safunsa anadya phula. Wamva?"

"Ndamva, amayi," anayankha Kaliwiro mwaulemu wonse. Makutu anamvadi, koma maso anali kale pa kiyibodi.

2. Nkhalamba

Mwa maseva onse, imene inkamutopetsa inali yamaoda. Inali yakale kwambiri moti ankaitcha Nkhalamba. Tsiku lonse inkadandaula za pulinta ina imene inachotsedwa kalekale. "Pulinta sikuyankha. Pulinta sikuyankha." Madandaulo amenewa ankadzaza theka la sikirini, ndipo anthu a muofesi anali atangowazolowera.

Kaliwiro sanawazolowere. Anali atatha masiku akukongoletsa sikirini ija: uthenga wabwino wobiriwira, wochenjeza wachikasu, woopsa wofiira. Ntchito inali yabwino ndithu, tisamuchitire nsanje. Ndiye kunamveka kuti eni kampani akubwera kudzayendera maofesi, ndipo a Manejala anati mtsikana wa kukoleji ndiye adzawafotokozere za sikiriniyo.

M'mawa wa tsikulo Mayi Dekhani anali atapita kunthambi ina kukaphunzitsa anthu, ndipo ankayenera kukakhala kumeneko masabata angapo. Alamu anaitanidwa kunyumba yosungira katundu kumene waya unaduka. Asanatuluke, Kaliwiro anawaimitsa.

"Alamu, mitundu ina sinakhale bwino," anatero Kaliwiro. "Koma dzina langa lolowera pa chosonkhanitsa silindilola kusintha kanthu."

Alamu anayang'ana kukhomo, kenako anawerama n'kulemba pasiwedi yawo, mawu achinsinsi olowera, pa kompyuta ya mtsikanayo.

"Lowera pa dzina langa, mlamu. Usinthe mitundu yokha, wamva? Amayi akadziwa kuti ndakubwereka kiyi, andidya wamoyo."

"Musadandaule, mitundu yokha."

Mitundu anaikonza mosavuta. Koma atabwerera m'mbuyo kuti aone ntchito yake, Nkhalamba inali pomwepo ndi pulinta yake, mzere pa mzere, yachikasu yokhayokha. Alendo akanaona chiyani? Akanati mtsikanayu walephera.

Njira yoyenera ankaidziwa. Anafunika kusankha uthenga wa pulinta wokhawo, kuutumiza ku fayilo yapambali, kenako kuyesa ngati mauthenga ena akufikabe. Koma imeneyo inali ntchito yodekha, ndipo magalimoto a alendo anali ataima kale pageti. Analemba mzere umodzi wokha, wouza chosonkhanitsa kuti chilichonse chochokera kwa Nkhalamba chizitayidwa chisanalembedwe. Anati auchotsa alendo akangotuluka.

Sikirini inayera. Alendo anagwedeza mitu. Mmodzi anamugwira chanza n'kunena kuti kampani ikufuna achinyamata otere. A Manejala anamwetulira mpaka mano a m'mbali kuoneka. Madzulo Kaliwiro anafika kunyumba mapazi asakugunda pansi, n'kusimbira achemwali ake nkhani yonse kawiri. Za mzere uja sanazikumbukirenso.

3. Malole aima

Nkhalamba inali ndi madisiki awiri osunga zinthu zofanana. Ina ikafa, inzake imapitiriza ntchito, ndipo seva imafuula usana ndi usiku mpaka wina abwere kudzaika yatsopano. Kusintha disiki ndi ntchito yaing'ono, tiyi sazizira n'komwe.

Patapita masiku, disiki yoyamba inafa. Nkhalamba inafuula monga inayenera. Uthenga unadutsa pa netiweki, unafika pa chosonkhanitsa, n'kutayidwa pakhomo pomwepo. Unabweranso, unatayidwanso.

M'mawa uliwonse alamu ankaima kutsogolo kwa sikirini ndi kapu m'manja. Zofiira panalibe.

"Nkhalamba yatopa kudandaula," anaseka tsiku lina. Kaliwiro naye anaseka. Kanthu kena kanamugwira pamtima pang'ono, koma foni inalira ndipo kanamutaya.

Disiki yachiwiri inafa m'mawa wa tsiku limene Mayi Dekhani anabwerera. Makalaliki anayamba kuimba foni mmodzimmodzi kuti maoda sakutseguka. Mapepala a pageti sanatuluke. Malole odzaza mankhwala anandanda pabwalo, madalaivala atakhala m'mithunzi ya matayala. Namwino wa kuchipatala china anaimba katatu, ndipo kachitatuko mawu ake ankamveka ofesi yonse: kuwodi ya ana mankhwala atha, galimoto ili kuti?

"Dekhani," anatero Mayi Dekhani, koma tsiku limenelo mawuwo anatuluka owuma.

Anagwira ntchito osadya. Anaika madisiki atsopano n'kubwezeretsa zimene zinasungidwa padera. Maoda ena anasowa ndithu, ndipo makalaliki anachita kuimbira zipatala kuti awatchulenso. Lole yoyamba inatuluka dzuwa litapendeka.

Kenako Mayi Dekhani anakhala pa chosonkhanitsa.

"Disiki sifa mwakachetechete," anatero. "Tione kuti inayamba liti kulira."

Anafufuza, osapeza kanthu. Uthenga womaliza wa Nkhalamba unali wa pulinta, wa m'mawa wa tsiku la alendo. Anatsegula fayilo ya malamulo a chosonkhanitsa n'kutsika pang'onopang'ono. Chala chawo chinaima pa mzere umodzi. Chosonkhanitsa chimalembanso za icho chomwe, ndipo chinaonetsa tsiku limene mzerewo unalembedwa ndi dzina la amene analowa.

Kaliwiro anauzindikira mzerewo nthawi yomweyo.

Mayi Dekhani anaitana alamu. A Manejala anali ataima kale pakhomo, manja m'chiuno.

"Mzere uwu analemba ndani?" anafunsa Mayi Dekhani.

Alamu anauyang'ana nthawi yaitali. Sanacheukire kwa mlamu wawo ngakhale pang'ono.

"Dzina ndi langa, amayi."

"Sindinafunse za dzina. Ndafunsa amene analemba."

"Ndine."

Apa ndi pamene Kaliwiro anayenera kuimirira. Mpata unalipo, ndipo unali waukulu. Koma mtsikana amene zala zake sizinkadikira munthu anakhala duu, maso pansi, akupotokola waya wa mausi ya kompyuta yake. A Manejala anauza alamu kuti asiye makiyi a chipinda cha maseva, ndipo mawa m'mawa abwere ku ofesi yawo adzanene chifukwa chimene asawachotsere ntchito.

4. Chakudya chosatsika

Kunyumba achemwali anamva nkhaniyo ataimirira, mwana ali kumsana.

"Inu? Inu amene mumabwerera pakhomo kukaona ngati mwazimitsa mbaula yomwe mwazimitsa kale? Iyayi, izi sindikuzimvetsa." Anatembenukira kwa mng'ono wawo. "Iwe unali pomwepo. Sunaone kanthu?"

"Musiye mwana adye," anadula alamu. "Zolakwa za ine zisamukhudze." Anakankhira mbale kwa Kaliwiro n'kumuikira gawo lalikulu.

Akanamukalipira zikanapepuka. Akanamenya tebulo, akanamuloza chala, mwina chakudya chikanatsika. Koma ubwino umenewu unamuvula. Chifukwa cha manyazi, gawo lija analisiya osalikhudza.

Achemwali sanathe kukhala chete.

"Mng'ono wanga, uphunzirepo pamenepa. Alamu akowa anayenda maulendo angati kwa a Manejala kukakupemphera malo? Anaika dzina lawo pa iwe, n'kunena kuti mlamu wanga ndi mwana wokhulupirika. Tsopano dzina lomwelo ladetsedwa. Nyumba ino yaima pa ntchito yawo. Ikagwa ntchitoyo, tonse tigwa, iwe ndi ine ndi kamwana aka. Ndiye kuntchitoko uzisamala, usawaonjezere manyazi ena. Ukaona chinthu chokhota, unene. Munthu woona cholakwa n'kukhala chete ndi mnzake wa wolakwayo."

"Ndamva, achemwali," anatero Kaliwiro ndi mawu osamveka bwino.

Anatola mbale n'kupita nazo kumpopi wa kuseri. Ali pakati potsuka, alamu anabwera ngati akufuna kusamba m'manja.

"Alamu, ine..."

"Ndikudziwa. Ndinadziwa nditangouona mzerewo." Analankhula motsitsa mawu, maso ali kukhomo la kukhitchini. "Tamvera, mlamu. Ine ndine wakale pamenepaja, mwina angondichenjeza. Iwe akakulembera lipoti loipa kukoleji, maphunziro ako athera pomwepo. Komanso kiyi ndinakupatsa ndine. Ukhale chete, zipita."

"Nanga akakuchotsani?"

Alamu anapukuta manja pa buluku n'kubwerera m'nyumba. Kaliwiro anatsuka mbale imodzi yomweyo mpaka achemwali anamufunsa ngati akufuna kuibowola.

5. Chitseko ndi icho

M'mawa anapita kuntchito limodzi. Alamu anali atavala malaya oyera amene amavala pa zikondwerero. Anakhotera ku ofesi ya a Manejala, ndipo chitseko chinatsekeka kumbuyo kwawo.

Kaliwiro anakhala pa mpando wake. Pasikirini Nkhalamba inali itayambiranso kudandaula za pulinta, popeza mzere uja unali utachotsedwa. Anayang'ana mizere yachikasuyo mpaka inayamba kusambira m'misozi. Anaimirira n'kupita pa tebulo la Mayi Dekhani.

"Amayi, mzere uja ndinalemba ndine."

Mayi Dekhani anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo. Sanadabwe.

"Alamu ako akasintha kanthu, amalemba pamwamba pake tsiku ndi chifukwa. Sanaphonyepo chiyambire. Mzere uja unali wamaliseche. Ndimadikira kuti ndione ngati mwini wake ali ndi pakamwa."

Kaliwiro anafuna nthaka itang'ambika kuti alowemo.

"Khala pansi, undimvere. Kulakwitsa pa makina aliyense amalakwitsa. Makina amakonzeka, dzulo tinawakonza. Chimene chandiwawa n'chakuti unatseka seva pakamwa kuti alendo akuyamikire. Unafuna zooneka bwino m'malo mwa zoona, pamene ntchito yathu yonse ndi kusonkhanitsa zoona, zokoma ndi zowawa zomwe. Ana aja anadikira mankhwala tsiku lonse chifukwa cha kuwomba m'manja kwa mphindi zochepa. Ndipo dzulo unaonerera munthu akusenza katundu wako, iwe manja lende. Zimenezi ukazizolowera uli wamng'ono, udzakula nazo, ndipo sipadzapezeka wokubwereka ngakhale kiyi wa kabati."

"Pepani, amayi. Chonde kawauzeni a Manejala."

"Ine? Ayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma ndikuchenjezeretu, kuti usadzati sindinanene. Choonadi si mankhwala otsekemera. Ukalowa muja, lipoti lako lakukoleji likhoza kuipa. Zidziwikanso kuti alamu ako anakubwereka pasiwedi, ndiponso kuti dzulo ananama. Sindikulonjeza kuti uwapulumutsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti pakali pano akuweruzidwa pa mlandu umene si wawo. Chitseko ndi icho."

Kakhonde kopita ku ofesi ya a Manejala kanali kafupi, koma Kaliwiro anakayenda ngati wamangidwa miyala kumiyendo. Anagogoda kamodzi n'kulowa asanayankhidwe.

6. Olakwa awiri

A Manejala anali ndi cholembera m'manja. Alamu anakhala kutsogolo kwawo, manja ali pamaondo.

"Iwe, tili pa nkhani," anatero a Manejala.

"Nkhaniyo ndi yanga, bwana. Mzere uja ndinalemba ine, tsiku la alendo. Ndinkafuna sikirini ioneke yoyera. Ndinati ndiuchotsa, koma ndinaiwala. Alamu sanadziwe kanthu."

"Mlamu, tuluka!" anatero alamu, ataimirira. "Bwana, mwanayu akungondimvera chisoni."

"Khalani pansi." A Manejala anaika cholembera pa tebulo. "Ngati unalemba ndiwe, unalowa bwanji pa dzina la munthu wina?"

Kaliwiro anayang'ana alamu ake. Alamu anayang'ana nsapato zawo.

"Ndinamupatsa pasiwedi ndine," anavomera pomaliza. "Kuti akonze mitundu."

Panja lole inkabwerera m'mbuyo, ikulira pang'onopang'ono.

"Dzulo ndinali ndi wolakwa mmodzi," anatero a Manejala. "Lero ndili ndi awiri. Iwe mtsikana, wachita bwino kubwera, ngakhale wachedwa. Koma usaganize kuti kuulula kwafufuta zimene unachita." Anatembenukira kwa alamu. "Inu ndiye mwandikhumudwitsa. Ndinali nditatsala pang'ono kukulemberani chenjezo chabe, poganiza kuti munthu wosamala wapunthwa kamodzi. Tsopano ndikumva kuti munapereka kiyi wa maseva kwa wophunzira, munaona seva itakhala chete osafufuza, kenako munandiyang'ana m'maso n'kundinamiza. Kulakwitsa ndimakhululuka. Bodza limandivuta, ngakhale lonamira m'bale."

Kaliwiro anabwera kudzatula katundu pamutu pa alamu ake, koma zinaoneka ngati wawaonjezera wina.

"Nkhaniyi yandikulira," anapitiriza a Manejala. "Ipita kukomiti sabata yamawa. Mpaka tsiku limenelo nonse awiri mukhale kunyumba. Pitani."

7. Pakhomo

Anatsika minibasi dzuwa lisanafike pamutu. Msewu wa kwawo unali wopanda anthu, popeza anzawo onse anali kuntchito ndi kusukulu. Alamu anayenda patsogolo, malaya oyera aja atanyowa kumsana.

"Ndinakuuza kuti ukhale chete," anatero osacheuka.

"Munandiuza, alamu."

"Ukanamvera, bwenzi pano ndili ndi chenjezo basi."

"Ndamva. Pepani." Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Koma sindikanatha kumadya pakhomo panu tsiku ndi tsiku."

Alamu anaima. Anamuyang'ana koyamba kuchokera dzulo, ndipo nkhope yawo sinaonetse ngati akwiya kapena ayi. Anapuma mozama n'kupitiriza ulendo.

Achemwali anali pabwalo akuyanika zovala, mwana akusewera ndi zopanira pansi. Ataona amuna awo anasiya beseni n'kuthamangira kugeti.

"Zatha bwanji? Akukhululukirani?" Kenako anaona mng'ono wawo kumbuyo, maso ali ofiira. "Nanga iwe wabwereranji nthawi ino? Wadwala?"

Alamu anawerama, ananyamula mwana n'kumuika paphewa.

"Mlamu ali ndi mawu," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Pabwalo anatsala awiri. Achemwali anayang'ana chitseko chimene chinatsekeka, kenako anayang'ana mng'ono wawo, ndipo kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono pankhope pawo. Anapukuta manja pa nsalu imene anavala n'kuwapinda pachifuwa.

"Lankhula," anatero. "Ndikumva."